Mafunso ndi mayankho: kuphunzira za tsankho la khungu ndi mitundu m'mayiko amene analamulidwa ndi atsamunda

Chaka chilichonse, ophunzira akamasankha mitu ya kafukufuku wawo kuno ku Zomba, sipalephera kupezeka mmodzi kapena awiri ofuna kulemba za tsankho, ndipo mafunso amene amabwera nawo sasiyana kwenikweni. Ena mwa mafunsowa ndinafunsidwa m'kalasi, ena m'minibasi yopita ku Chinamwali, ndipo limodzi linachokera kwa bambo wina wachikulire amene anadabwa atamva kuti mwana wake akuwonongera ndalama za fizi pa "nkhani za azungu". Ndawasonkhanitsa pamodzi ndi mayankho amene ndimapereka.

Kodi maphunziro amenewa amafufuza chiyani kwenikweni?

Amafufuza mmene anthu anagawidwira m'magulu potengera khungu, tsitsi ndi kumene makolo awo anachokera, ndiponso mmene magulu amenewo anaikidwira pa makwerero, ena pamwamba, ena pansi. Munthu akamva za tsankho amafulumira kuganiza za mtima woipa wa munthu mmodzi, monga bwana wotukwana antchito ake, ndipo zimenezo zilipodi. Wofufuza amapitirira pamenepo ndi kufunsa kuti ndani analemba lamulo loti msonkho wa nyumba ugwere anthu akuda, ndani anali ndi ufulu wokhala ndi chikalata cha malo, kalaliki wakuda ndi kalaliki woyera ogwira ntchito imodzi ankalandira zingati, ndipo mwana wa yani ankaloledwa kupitirira Sitandade 6. Tsankho lolembedwa m'malamulo ndi m'mabuku a malipiro limagwira ntchito ngakhale bwana wa pamalopo atakhala munthu wa mtima wabwino, ndipo n'chifukwa chake limakhalitsa.

Palibe nthambi imodzi ya maphunziro imene inganene kuti nkhaniyi ndi yake yokha. Imakhudza a mbiri yakale, a zamalamulo, a zachuma, a zilankhulo ndi a zaumoyo. Frantz Fanon, amene dzina lake simudzalephera kukumana nalo, anali dokotala wa matenda a maganizo wochokera ku Martinique, ndipo zambiri zimene analemba za mmene utsamunda umavulazira munthu mumtima anaziona pa odwala ake ku Blida, m'dziko la Algeria.

M'Chichewa timangoti "mtundu". Kodi liwu limeneli silikwanira?

Liwu limeneli tinalisenzetsa katundu wolemera kwambiri. Timati mtundu wa Amalawi, mtundu wa Ayao, mtundu wa azungu, mtundu wa chitenje ndiponso mtundu wa mbewu ya chimanga, ndipo pocheza palibe amene amasokonezeka. Polemba kafukufuku m'pamene vuto limaonekera, chifukwa wophunzira akalemba kuti "kusankhana mitundu", wowerenga sadziwa ngati akunena za mzungu ndi munthu wakuda, za Mtumbuka ndi Mlomwe, kapena za Mmalawi ndi Mburundi. Ine ndimapempha ophunzira anga kuti azisiyanitsa tsankho la khungu, tsankho la mafuko, tsankho la zigawo ndi chidani cha pa obwera, kenako afotokoze okha pamene zinayizi zikukumana.

Komabe sindiona chilankhulo chathu ngati chopinga, popeza umboni wina wabwino kwambiri uli m'kamwa mwathu momwemu. Tamverani mmene timagwiritsira ntchito mawu akuti "chizungu" ndi "chikuda". Pali mankhwala achizungu ndi mankhwala achikuda, nkhuku yachizungu ndi nkhuku yachikuda. Munthu wakuda bii akakhala ndi galimoto ndipo amapereka ganyu, anyamata a pamsika amamutcha "mzungu wanga". Pamenepa liwu lakuti mzungu lasiya kunena za khungu ndipo likunena za chuma ndi mphamvu, zomwe zikusonyeza kuti anthu wamba anazindikira kale mfundo imene akatswiri amailembera mabuku aakulu. Chochititsa chidwi n'chakuti makwererowo sayenda mbali imodzi nthawi zonse, pakuti mlendo wolemekezeka timamuphera nkhuku yachikuda.

Kodi sayansi imavomereza kuti anthu ali m'mitundu yosiyana m'magazi?

Ayi. Maganizo amenewo anatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700, pamene anthu monga Carl Linnaeus ndi Johann Blumenbach ankagawa anthu a padziko lonse m'magulu anayi kapena asanu, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anakula mpaka kufika poyeza zigaza za anthu akufa pofuna kutsimikiza kuti ena anabadwira kulamulira. Zigaza za Aherero ndi Anama amene anaphedwa ndi asilikali a Germany ku Namibia pakati pa 1904 ndi 1908 zinatumizidwa ku Ulaya pa ntchito yomweyi. Mu 1950 bungwe la UNESCO linatulutsa chikalata chotsutsa maganizo otere, ndipo mu 1972 Richard Lewontin anasonyeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a kusiyana kwa chibadwa cha anthu amapezeka pakati pa anthu a gulu limodzi. Kafukufuku wa DNA wa zaka zotsatira anaonetsanso kuti anthu a mu Africa amasiyana okhaokha m'chibadwa kuposa anthu a m'makontinenti ena. Khungu limasiyanadi, makamaka chifukwa cha mphamvu ya dzuwa la kumene makolo a munthu anakhala kwa mibadwo yambiri, koma silinena kanthu za nzeru kapena khalidwe.

Wina angafunse kuti nanga tikuphunziriranji chinthu chimene kulibe. Malire a pakati pa Malawi ndi Mozambique nawonso sanalengedwe ndi Mulungu, anajambulidwa ndi anthu, koma yesani kuwoloka popanda chiphaso.

N'chifukwa chiyani mumati Zomba ndi malo abwino ophunzirirako nkhaniyi?

Chifukwa tauni ino inamangidwa ngati likulu la boma la atsamunda kuyambira mu 1891, ndipo maganizo a omangawo akuonekabe pa nthaka. Tsiku lina mudzayambe ulendo wapansi kuchokera kumsika, mudutse masitolo a amwenye, mukwere kulowera ku maofesi akale a boma ndi kumunda wa maluwa wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, mpaka kumayadi a m'munsi mwa phiri. Mukamakwera mudzaona kuti mabwalo a nyumba akukula, mitengo ikutalika, mphepo ikuzizirira, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse yakale kuli kanyumba kakang'ono ka wantchito. Azungu anadzisankhira kumtunda ponena kuti akuthawa kutentha ndi malungo, amwenye anapatsidwa malo a malonda pakati, ndipo anthu akuda anakhala kumunsi ndi m'midzi yozungulira. Kunali chipatala cha azungu ndi chipatala cha anthu akuda. Kalabu ya Gymkhana inali ya azungu, ndipo munthu wakuda ankalowamo ngati woperekera zakumwa kapena wotchetcha kapinga. Ngakhale chipatala cha odwala misala, chimene chinayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende, chili ndi mbiri yake, ndipo Megan Vaughan anafufuza mmene madokotala a nthawi imeneyo ankaganizira za maganizo a munthu wakuda.

Chachiwiri n'chakuti zolembedwa za boma la atsamunda zimasungidwa konkuno, ku National Archives of Malawi. Tsiku loyamba limene ndinamasula chingwe cha fayilo yakale kumeneko, pepala lake litachita chikasu ndipo dzimbiri la pini litadya pakona, chimene chinandikhudza chinali chinthu chaching'ono. Mzungu aliyense wotchulidwa m'kalatamo anali ndi dzina lonse ndi ulemu wake patsogolo, pamene anthu akuda ankalembedwa ndi dzina limodzi lokha, ndipo nthawi zina ankangowerengedwa ngati mmene munthu amawerengera matumba a chimanga. Wolemba kalatayo sanatukwane aliyense. Ankangotsata mmene makalata a boma ankalembedwera, ndipo kalembedwe kameneko ndiye nkhani yathu. Dziwaninso kuti moto umene unapsereza maofesi aakulu a boma kuno mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira, choncho ofufuza za nthawi imeneyo amadalira kwambiri zolembedwa za amishoni ndi zimene zinasungidwa ku London.

Kodi n'zoona kuti kuukira kwa Chilembwe kunakhudzana ndi chipewa?

Chipewa chinalimo, koma sichinali chokha. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia pa nthawi imene anthu akuda kumeneko ankazunzidwa koopsa, ndipo atabwerera anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900. Madandaulo aakulu a anthu ake anali malo amene analandidwa, thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kuwotchedwa kwa matchalitchi awo, ndiponso kutengedwa kwa anthu akuda kukafera pa nkhondo ya azungu imene inayamba mu 1914. Kuukirako kunayamba pa 23 January 1915, William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya ku Magomero ija, anaphedwa, ndipo Chilembwe naye anawomberedwa pa 3 February.

Boma litakhazikitsa komiti yofufuza chimene chinayambitsa zonsezi, mboni zakuda zophunzira zinabwereza dandaulo limene azungu ena analiona ngati lachibwana, loti munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu aliyense panjira, ndipo akapanda kutero ankatha kumenyedwa, pamene mzunguyo sankabweza ulemuwo. Kwa wofufuza, dandaulo limeneli ndi lamtengo wapatali chifukwa likuonetsa kuti ulamuliro wa khungu unkafunika kutsimikizidwa tsiku ndi tsiku pa thupi la munthu, monganso mmene m'masitolo ena munthu wakuda ankagulira pawindo, kapena mmene bambo wa imvi ankatchedwera "boyi". Pali chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe waima pamodzi ndi mmishonale John Chorley, onse atavala zipewa. Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College konkuno, anaumba chiboliboli chochokera pa chithunzi chimenechi, Chilembwe atamukuza kuposa mnzakeyo, ndipo chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022.

Nanga amwenye ndi makaladi ali pati m'nkhani imeneyi?

Ali pakati, ndipo malo a pakatiwo anachita kuwakonzera. Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, anabweretsa asilikali a Chisikh kuchokera ku India, amalonda anatsatira, ndipo boma linakhazikitsa masitepe atatu a malipiro, sukulu ndi malo okhala: azungu, amwenye, kenako anthu akuda. Mmwenye sankaloledwa m'kalabu ya azungu, koma ndi iye amene munthu wa kumudzi ankakumana naye pa kauntala tsiku lililonse, choncho mkwiyo wambiri umene unayenera kupita kwa wokonza masitepewo unkagwera iye. Mayiko atalandira ufulu, ena anabwezera moopsa. Idi Amin anathamangitsa amwenye ku Uganda mu 1972 atawapatsa masiku 90, ndipo kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Banda linawachotsa m'malo a malonda a kumidzi ndi kuwalamula kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu. Wophunzira wolemba za mutu umenewu ayenera kumva mbali zonse: madandaulo a antchito a m'masitolo ndi m'nyumba okhudza malipiro ndi ulemu, komanso mawu a Mmalawi wachimwenye amene agogo ake anabadwira konkuno koma amafunsidwabe kuti abwerera liti kwawo. Mkangano wa mu 2018 wokhudza chiboliboli cha Mahatma Gandhi ku Blantyre, chimene khoti linaimitsa ntchito yochimanga anthu atadandaula za mawu amene iye analemba onyoza anthu akuda ali ku South Africa, unasonyeza kuti bala limeneli silinapole.

Makaladi ndiwo amaonetsa bwino kuti magulu amenewa anali opangidwa ndi lamulo. Mu 1929 khoti lalikulu la Nyasaland linafunika kugamula ngati mwana wa bambo wachimwenye ndi mayi wakuda ali m'gulu la eni nthaka kapena ayi, popeza yankho lake linkasintha malamulo a malo amene ankamukhudza. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Anglo-African Association, la ana a azungu obadwa kwa amayi akuda, amene ankapempha boma kuti liwazindikire ngati gulu lapadera.

Kodi tsankho la mafuko ndi zigawo ndi chimodzimodzi ndi tsankho la khungu?

Pa funso limeneli akatswiri sagwirizana, ndipo ine ndimati ziwirizi ndi zapachibale koma si mapasa. Mahmood Mamdani, m'buku lake la mu 1996 lotchedwa Citizen and Subject, anafotokoza kuti boma la atsamunda linagawa anthu kawiri. Poyamba linasiyanitsa obwera ndi eni nthaka potengera khungu, obwerawo n'kukhala pansi pa malamulo olembedwa, kenako linagawa eni nthakawo m'mafuko, lililonse pansi pa mfumu yake ndi malamulo a mwambo. Ufulu utabwera, khoma loyambalo linagwetsedwa koma lachiwirilo linatsala.

Chitsanzo choopsa ndi cha Rwanda. Azungu anafalitsa nthano yoti Atutsi anachokera kumpoto ndipo ali pafupi ndi azungu kuposa Ahutu, ndipo m'zaka za m'ma 1930 boma la Belgium linalemba fuko la munthu aliyense pa chitupa chake. Kusiyana kumene kale kunkatha kusintha kunauma ngati konkire, ndipo mu 1994 zitupa zomwezo zinagwira ntchito pa zipata za m'misewu pamene anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Pamenepo fuko linali litasandutsidwa mtundu wa m'magazi.

Kwathu kuno zinthu sizinafike pamenepo, koma mbewu zake zikudziwika. Atsamunda ankati Ayao ndi Angoni ndi oyenera usilikali, Atonga ukalaliki, ndipo Alomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique ankawaona ngati manja a m'minda ya tiyi ndi fodya, n'kumawatcha dzina lakuti "Anguru", limene atsogoleri awo monga Lewis Bandawe analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940 mpaka linachotsedwa m'makalata a boma. Sukulu za mishoni ya Livingstonia zinapangitsa kuti kumpoto kukhale ophunzira ambiri msanga. Pambuyo pa ufulu, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, aphunzitsi anabwezedwa ku zigawo za kwawo mu 1989, ndipo ndondomeko ya kota posankha ophunzira a kuyunivesite inakhala ikugawa anthu kwa zaka zambiri. Leroy Vail ndi Landeg White analemba za mbiri imeneyi mu 1989. Wophunzira amene amapsa mtima ndi zimene mzungu anachita mu 1915 koma amaseka nthabwala zonyoza anthu a chigawo china ku hositelo sanayambe kuimvetsa nkhaniyi.

Atsamunda anachoka mu 1964. Kodi si kungofukula za m'manda?

Ili ndi funso la bambo wachikulire uja, ndipo ndi funso laulemu. Mbendera inasintha pa 6 July 1964, koma miyezi iwiri isanathe bwino nduna zinali zitayambana ndi Dr Banda konkuno ku Zomba, ndipo imodzi mwa nkhani zimene anasiyana inali yoti maudindo a m'boma aperekedwe liti kwa Amalawi. Maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje alipobe pamene anthu owazungulira akulima m'mapiri chifukwa chosowa malo. Mwana amene wakhoza masamu ndi sayansi koma walephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE, ndipo malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingelezi, ngakhale kuti anthu amene anamusankha anawapempha mavoti m'Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Mungathe kuikira kumbuyo malamulo amenewa pa zifukwa zina, koma simungawamvetse popanda kudziwa kumene anachokera.

Ndipereke chitsanzo cha ine mwini. Tsiku lina ndinatenga mlendo woyera, wophunzira wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri, kukadya pamalo ena ogona alendo. Mlonda wa pachipata anamuchitira sawatcha iyeyo, ine n'kundifunsa ngati ndine dalaivala. Woperekera zakudya anayamba kufunsa mlendoyo, ndipo bilu anakaiika patsogolo pake, ngakhale kuti wolipira ndinali ine. Panalibe mzungu aliyense amene anawatuma. Onsewo anali Amalawi anzanga, obadwa ufulu utabwera kale, ndipo mwina akanafunsidwa akanati azungu ndiwo amasiya kangachepe pambale. Yankho limenelo n'lomveka, ndipo likutibwezera ku funso loti chuma chinagawidwa bwanji kuti khungu likhale chizindikiro cha ndalama.

Kodi amenewa si maganizo a ku America amene tikungowakopera?

Ngozi imeneyo ilipo, ndipo ndimaiona m'zolemba za ophunzira amene amatenga mawu a pa intaneti n'kuwavalika pa Malawi ngati malaya obwereka. Ku America anthu akuda ndi ochepa m'dziko lolamulidwa ndi oyera, ndipo mwambo wawo unali woti aliyense wokhala ndi kholo limodzi lakuda, ngakhale lakutali, ndi wakuda. Ku Brazil, kumene ukapolo unatha mu 1888, anthu atafunsidwa pa kafukufuku wina wa boma wa mu 1976 kuti atchule khungu lawo, anapereka mayina oposa 130, ndipo dzikolo linkadzitama kwa zaka zambiri kuti kulibe tsankho, mpaka ofufuza anaonetsa kuti umphawi ukutsata khungu, ndipo mu 2012 linakhazikitsa lamulo losungira malo a kuyunivesite ophunzira akuda ndi osauka. Ku South Africa lamulo la mu 1950 linalemba munthu aliyense m'gulu lake, ndipo pokayikitsa akuluakulu ankatha kulowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwe. Munthu mmodzi yemweyo akanatha kukhala wakuda ku Virginia, mkaladi ku Cape Town ndi woyera ku Bahia, m'dziko la Brazil.

Dera lathu lilinso ndi mbiri ina imene mabuku a ku America saikhudza, ya malonda a akapolo odutsa pa nyanja ya Malawi kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kupita ku Kilwa ndi Zanzibar, m'mene ogula ndi ogulitsa ena anali anthu akuda. Komanso tisaiwale kuti kuganizira za nkhaniyi sikunayambire kunja kokha. Kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914, yofunsa chifukwa chimene munthu wakuda wosauka ayenera kufera nkhondo yosamukhudza, ndi imodzi mwa zolemba zoyambirira za mutu umenewu m'dziko muno.

Kodi munthu wakuda angachitire tsankho wakuda mnzake ngati la khungu?

Funsani matchona. Amalawi ambiri anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndipo analawa tsankho la azungu m'makomponi, pamene boma lawo linatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, Dr Banda n'kukacheza kumeneko mu 1971. Tsankho lija litatha mu 1994, zidzukulu zawo zinayamba kutchedwa makwerekwere, ndipo pa ziwawa za mu 2008 ndi 2015 ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi ali chimanjamanja. Akatswiri a kumeneko amafunsa chifukwa chimene mkwiyowo umagwera Mmalawi ndi Mmozambiki koma osagwera obwera ochokera ku Ulaya, ndiponso chifukwa chimene munthu ankatha kugwidwa pongoti wada kwambiri. Tisanaloze chala, tikumbukire mmene timatchulira liwu lakuti "Maburundi", ndiponso mmene othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni anasonkhanitsidwira kubwezedwa ku Dzaleka mu 2023.

Nanga za anthu achialubino, mafuta oyeretsa khungu ndi tsitsi zimalowa m'maphunzirowa?

Zimalowa, ngakhale kuti chilichonse chili ndi mizu yake. Kuphedwa kwa anthu achialubino, kumene kunakula kuyambira cha mu 2014, kumachokera ku zikhulupiriro za zizimba ndi dyera la ndalama, koma mayina onyoza amene amapatsidwa akusonyeza kuti khungu likugwiritsidwa ntchito pochotsa munthu pa gulu la anthu. Mafuta oyeretsa khungu, amene ena amakhala ndi mankhwala owononga khungu ndi impso, amagulidwa chifukwa msika wa ukwati ndi wa ntchito umakondera woyererako.

Nkhani ya tsitsi inagamulidwa konkuno. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopotana n'kuphwanya malamulo. Mlanduwo unali wa ufulu wa chipembedzo ndi maphunziro, koma wofufuza angafunse kumene tinatenga maganizo akuti mwana waukhondo ndi wometa mpala. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho potengera mtundu, khungu, chilankhulo, fuko ndi zina, ndipo milandu yotere imaonetsa mmene gawolo limagwirira ntchito likafika pa munthu weniweni.

Kodi maphunzirowa sadzutsa chidani?

Akhoza kutero akaphunzitsidwa mwaulesi, ngati mndandanda wa zoipa za gulu limodzi. Wofufuza woona amakumana msanga ndi zinthu zosokoneza mndandanda wotere: Joseph Booth anali mzungu amene boma linamuthamangitsa chifukwa chonena kuti Africa ndi ya anthu a mu Africa, pamene ambiri mwa asilikali amene anasaka Chilembwe ndi akapitawo amene ankagwira chikoti pa thangata anali akuda. Mu 2022, wailesi ya BBC itaulula za mwamuna wina wa ku China amene ankajambula ana a ku Njewa, ku Lilongwe, akunena mawu odzinyoza m'chilankhulo chimene sankachimva, anthu anakwiya moyenera, koma ntchito ya wofufuza inali kufunsa kuti mavidiyowo ankagulidwa ndi ndani, ndalama zinkayenda bwanji, ndipo umphawi wa m'mudzimo unathandiza bwanji kuti zichitike kwa nthawi yaitali.

Ndikufuna kuchita kafukufuku wotere. Ndiyambire pati?

Chepetsani mutu wanu mpaka ukwane m'manja. "Tsankho m'Malawi" si mutu wa kafukufuku wa miyezi isanu ndi umodzi, koma malipiro a anamwino akuda ndi oyera pa chipatala chimodzi m'zaka khumi, mbiri ya esiteti imodzi, kapena mmene liwu lakuti "bwana" limagwirira ntchito pa ofesi imodzi, zimenezo mungazimalize. Mukamawerenga mafayilo a atsamunda kumbukirani kuti mawu a munthu wakuda anadutsa mwa womasulira ndi mwa kalaliki asanafike pa pepala, ndiponso kuti wolankhulayo ankadziwa kuti ali pamaso pa bwana DC. Yerekezani zimene mwawerengazo ndi nyimbo za thangata, mabuku a mipingo ndi zimene okalamba akukumbukira. Pezani chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku musanafunse munthu aliyense, ndipo musalembe dzina la wantchito amene wadandaula za bwana wake, pakuti inu mudzalandira digiri pamene iye adzachotsedwa ntchito.

Ngati mutu wanu ukukhudza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha pakati pa 1953 ndi 1963, yambani ndi okalamba, mafayilo adzabwera pambuyo. Munthu amene anali ndi zaka 20 pamene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za lamulo la chipwirikiti pa 3 March 1959 anabadwa mu 1938 kapena 1939. M'midzi ya kwa Chikowi, kwa Malemia ndi kwa Kuntumanji mukadali agogo amene anaphika, kuchapa ndi kulera ana m'nyumba za kumayadi, ndipo ambiri mwa iwo sanafunsidwepo ndi wina aliyense. Pitani masana akaweruka kumunda, mupereke moni kwa amfumu musanalowe pakhomo lililonse, ndipo foni yojambulira mawu muitulutse pokhapokha agogowo atavomera.